Madzi Akalowa mu Injini ya Boti, Funsani Kaye Musanagwire Sipanala

Nkhani yokambidwa kwa achinyamata ophunzira umakaniko ku St Mary's, Chitungwiza

 

Ena mwa inu mukudzifunsa kuti nkhani ya injini ya boti ikufunanji m'tauni ya Chitungwiza, kumene ngakhale mpopi umatha masiku uli gwa. Yankho lake silili patali. Mtsinje wa Manyame umene timawoloka popita ku Harare umakathira m'nyanja ya Chivero, yomwe anaitseka mu 1952 ndipo kale inkatchedwa Lake McIlwaine. Kumunsi kwake kuli damu la Darwendale la mu 1976, ndipo kumpoto kuli Kariba. Konseko kuli maboti a asodzi, a alonda a zachilengedwe ndi a anthu oyendetsa alendo, ndipo ambiri amakankhidwa ndi injini zopachika kumbuyo zomwe zinabadwa inu musanabadwe. Zikadwala, eni ake amazikweza pa lole kudza nazo kuno kutauni. Ndiye palinso ku Malawi, kumudzi kwa agogo athu amene anabwera m'dziko lino ndi olemba anthu ntchito a Mthandizi, ena pa magalimoto a Ulere, ena wapansi. Ku Nkhotakota, ku Senga Bay, ku Nkhata Bay ndi ku Mangochi, asodzi opita kokakoka chilimira usiku amadalira Yamaha Enduro ya mahosipawa 15, 25 kapena 40. Dzanja lodziwa injini imeneyi silisowa ntchito, kuno kapena kumudzi.

Chimene ndabwera kudzanena ndi chimodzi. Injini zambiri zakale sizifa ndi madzi amene alowa. Zimafa ndi makaniko wopupuluma, amene amayamba kukhwefula mabawuti asanadziwe pamene madziwo alowera. Madzi sabisa njira yake. Paliponse pamene adutsa amasiya umboni, ndipo ntchito yanu yoyamba ndi kuwerenga umboniwo.

Pa injini yakale kupupuluma kumapweteka kawiri, chifukwa masipeya ake akusowa. Ole Evinrude anayamba kupanga injini zoterezi ku Milwaukee mu 1909, koma mu 2020 kampani imene inali ndi dzinali inasiya kuzipanga. Za Johnson zinatha kale izi zisanachitike, ndipo British Seagull inasiya kupangidwa mu 1996. Mukathyolera bawuti mkati mwa buloko ya injini ngati imeneyi, mutha kuzungulira mashopu onse a masipeya a mu Kaguvi Street n'kukathera ku msika wa Siyaso osapeza ina. Mwini wake anabwera ndi injini yodontha, abwerera ndi zitsulo m'thumba.

Tiyambe ndi ulendo wa madzi mu injini yabwinobwino. Galimoto ili ndi ladiyeta, ndipo madzi ake ndi omwewo ongozungulira. Injini ya boti ilibe. Imamwa madzi a m'nyanja imene ikuyendamo n'kuwalavula. Madziwo amalowera pa timabowo tokhala ndi sefa kumwendo kwa injini, pa bokosi la magiya. Pamwamba pa bokosilo pali pampu, ndipo mkati mwake muli kagudumu ka labala kokhala ndi mapiko, impela, kamene kamazunguzidwa ndi shafiti yotsika kuchokera kumtunda. Impela imakankha madzi kukwera m'kapaipi mpaka ku buloko, kumene amayenda m'tingalande tozinga masilinda, hedi ndi chivundikiro cha ekizozi. Thermostat imawagwira kaye kufikira injini itafunda, kawirikawiri pa madigiri a pakati pa 50 ndi 60. Kenako ambiri amatsika limodzi ndi utsi, ndipo pa injini zambiri amatulukira pakati pa pulopela. Ochepa amatumphuka pa kabowo ka m'mbali, ndipo msodzi akacheuka n'kuona injini ikukodza bwino mtima wake umakhala m'malo.

Kunja kwa njira imeneyi, pali malo anayi amene madzi saloledwa kufikako: mu oyilo wa magiya, pansi pa chivundikiro cha injini, mkati mwa silinda, ndi mu petulo. Munthu akafika n'kunena kuti injini yake ikulowa madzi, mawu amenewo sakukwanirani. Muyenera kudziwa kuti ndi malo ati mwa anayiwa.

Choncho mpatseni mpando mwini injini, mucheze naye. "Bambo, zayamba liti? Munagundako mwala kapena chitsa? Inatenthapo mpaka kuzima yokha? Inagwerapo m'madzi? Anaigwira komaliza ndani, ndipo anamasula pati?" Mafunso amenewa amapulumutsa tsiku lonse la ntchito. Kenako tsukani injiniyo, muipukute iume. Dulani mgolo wa malita 200, muudzaze madzi mpaka amize bwino malo amene pali pampu, mupachikemo injini, muilize ili pa nyutulo. Musayerekeze kuiliza pouma, ngakhale kwa kanthawi kongofuna kumva kulira kwake. Impela yozungulira popanda madzi imapsa mphindi imodzi isanathe, ndipo mukhala mutawonjezera vuto lanu pa vuto la mwini.

Dziwaninso zimene sizili matenda. Madzi othovoka limodzi ndi utsi pa kabowo ka kumbuyo kwa mwendo ndi mmene anaipangira. Timabowo tina ta kumunsi n'totayira madzi injini ikazima, ndipo wozitseka ndi guluu amaononga. Zakuda zonona zimene zimadontha pakati pa pulopela injini ikakhala masiku angapo nthawi zambiri zimakhala oyilo wa mu petulo amene sanapse. Nunkhizani. Oyilo wa magiya ali ndi fungo lake lamphamvu la salufa limene simungalisokoneze ndi lina.

Tsopano tilowe mu bokosi la magiya, chifukwa kumeneko ndi kumene mudzakumana ndi ntchito zambiri. Imikani injini chilili usiku wonse. M'mawa tcherani kambale koyera, mukhwefule sikuluu ya pansi. Yang'anitsitsani dontho loyamba. Madzi ndi olemera kuposa oyilo, motero ngati alimo ambiri amayamba ndiwo kutuluka, oyera mbee, oyilo n'kumatsatira. Ngati anasakanikirana poyenda, oyilo amatuluka ngati tiyi wothira mkaka. Onaninso nsonga ya sikuluuyo. Pa injini zambiri ili ndi maginito. Fumbi losalala la chitsulo pamenepo silodetsa nkhawa, koma tizidutswa tobaya chala tikutanthauza kuti magiya kapena mabelingi ayamba kudyana, ndipo mwini ayenera kumva zimenezi musanapitirire.

Mwapeza madzi. Musathamangire kumasula bokosi lonse. Yambani ndi chinthu chotchipa kwambiri: timawashala tiwiri ta pa masikuluu othirira ndi kukhuthulira oyilo. Timaphwanyika, timaiwalika, ndipo ena amatibwezera takale kangapo konse. Nthawi zambiri vuto lonse limathera pamenepo. Zikakhala kuti tili bwino, chotsani pulopela. Zulani kaye mawaya a mapulagi kuti injini isalire mwangozi, ndipo pingani tsamba la pulopela ndi kathabwa, osati ndi dzanja. Mukasolola pulopela ndi washala wokhuthala wa kumbuyo kwake, suzumirani. Kawirikawiri mupeza twaini wa mbedza kapena ulusi wa ukonde wa nayiloni utakulungana pa shafiti, utasungunuka ndi kutentha n'kusanduka mphete yolimba yakuda imene wosadziwa angayese ndi chipangizo cha injini. Ulusi umenewu umadzikankha pang'onopang'ono mpaka kucheka mlomo wa seal yotchinga madzi pa shafitiyo. Pa Chivero, pamene maukonde otayidwa ali mbwee pansi pa madzi, ili ndi vuto la tsiku ndi tsiku. Muuzeni mwini boti kuti azichotsa pulopela nthawi ndi nthawi n'kuyang'ana.

Pa bokosi lomweli pali malo ena awiri olowera madzi: ma seal a shafiti yaikulu amene ali pansi pa pampu, ndi seal ya kachitsulo kosinthira magiya. Kuti mudziwe wolakwa, yesani ndi mpweya. Khuthulani oyilo yense, mutseke bowo limodzi, pa linalo mulumikize pampu ya njinga yokhala ndi geji. Popani mpaka pafupifupi 10 psi, ndipo musapyole 15, kuopa kutulutsa seal yabwino pamalo pake. Dikirani. Zunguzani shafiti ndi dzanja, sunthani kachitsulo ka magiya, maso ali pa geji. Muvi ukamatsika, pakani madzi a sopo pa malo onse okayikitsa, kapena mizani bokosilo mu mgolo. Pamene patuluke thovu ndi pomwepo. Amene ali ndi pampu yokoka mpweya ayesenso nayo, pakuti pali seal imene imagwira bwino pokankha koma n'kulephera pokoka. Bokosi la magiya limatentha poyenda, ndipo likamazizira m'madzi limayamwa. Seal yotero imalowetsa madzi boti litaima padoko.

Posintha seal, jambulani ndi foni mmene yakale inakhalira musanaichotse. Makampani ena amaika ma seal awiri motembenuzirana misana, ena amawayang'anitsa mbali imodzi, ndipo kuloweza pamtima kwanamiza amisiri ambiri. Yendetsani chikhadabo pa shafiti pamene seal imakhudza. Chikakodwa mu kamzere, seal yatsopano siikhalitsa. Zunguzani shafiti ya pulopela muone ngati nsonga yake ikuvina, chifukwa shafiti yopindika ndi mwala idzadya seal iliyonse imene mungaike. Poti pampu mwaichotsa kale, ikani impela yatsopano. Musaiwale kakiyi kake, ndipo potsitsa chivundikiro zunguzani shafiti motsatira muvi wa wotchi kuti mapiko agone mbali yoyenera. Pakani girizi m'mbali mwa mano a shafiti koma osati pamutu pake, apo ayi ikana kukhala pansi bwino. Pomaliza thirani oyilo wa magiya wa SAE 90 kuyambira pa bowo la pansi, mukumukankha mpaka atulukire pa bowo la pamwamba. Tsekani la pamwamba poyamba, kenako la pansi mwachangu, onse ndi mawashala atsopano. Wothira kuchokera pamwamba amatsekera mpweya mkati, n'kumayesa bokosi ladzaza lili theka.

Malo achiwiri ndi pansi pa chivundikiro. Mukavundukula n'kupeza madzi ali thaphwi, kumbukirani kuti mphepo ya flywheel imamwaza madontho paliponse, motero pamene panyowa kwambiri sipamene pachokera madzi. Umitsani, muwaze ufa wa choko m'mbali mwa magasiketi, mulize injini, muyang'ane ndi tochi. Samalani malaya ndi zingwe pafupi ndi flywheel. Kadontho koyamba kamalemba mzere wake pa choko, ndipo inu mutsatire mzerewo chokwera kufikira pamene wayambira. Mwina ndi kapaipi ka labala kopita ku kabowo kokodzera kamene kauma n'kung'aluka. Mwina ndi gasiketi ya chivundikiro cha thermostat. Mwina ndi ya chivundikiro cha ekizozi, ya hedi, kapena ya pansi pamene buloko imakhalira pa mwendo. Pa injini yakale mudzaonanso timizere toyera touma totsika m'mbali mwa buloko. Ameneyo ndi mboni wa kudontha kwa miyezi yambiri.

Apa ndikupemphani zinthu zitatu. Musamate silikoni mwaunyinji m'malo mwa gasiketi, chifukwa yofinyikira mkati imaduka n'kukatseka tingalande ta madzi. Musataye thermostat poganiza kuti injini iziyenda mozizira bwino. Injini yozizira mopitirira imadetsa mapulagi, imadzaza mwaye, ndipo imamwa petulo wambiri. Chachitatu ndi mabawuti. Bawuti yachitsulo imene yagona mu aluminiyamu zaka 30 imagwirana naye. Ithireni mafuta olowerera, muisiye igone. Igogodeni pamutu pang'onopang'ono. Tenthetsani aluminiyamu wozungulira, thanki ya petulo ili kutali. Ikagwedezeka pang'ono, ibwezeni, muikhwefulenso, kupita ndi kubwerera mpaka itamasuka yokha. Bawuti imodzi ikhoza kukudyerani m'mawa wonse, ndipo palibe chamanyazi pamenepo. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Malo achitatu ndiwo oopsa: mkati mwa silinda. Injini imatsokomola ikamalira pang'onopang'ono, imasowa mphamvu, nthawi zina imavuta kudzuka m'mawa. Masulani mapulagi muwaike pamodzi pa nsalu yoyera. Pulagi ya silinda yathanzi imakhala yofiirira. Ikakhala kuti ina yayera ngati yatsopano, kapena ili ndi timadontho ta madzi kapena kadzimbiri, silinda imeneyo ikumwa madzi, ndipo nthunzi ndiyo yatsuka pulagiyo. Walitsani tochi pa bowolo. Mutu wa pisitoni nawo mudzaupeza wotsukika pamene mnzake ali wakuda. Yesani kompuleshoni, mapulagi onse atachotsedwa, thirotulo ili yotsegula. Chofunika kwambiri si nambala yeniyeniyo koma kusiyana kwa masilinda. Akasiyana mopyola magawo 10 mpaka 15 pa 100 alionse, kayikirani gasiketi ya hedi kapena malingi. Koma kompuleshoni ikafanana pulagi ili yotsukika, musavutitse hedi. Yang'anani chitsulo chamkati cha chivundikiro cha ekizozi, chimene chimalekanitsa madzi ndi utsi. Chikapindika kapena kubooka ndi dzimbiri, madzi amabwerera mu silinda kudzera pa khomo la utsi. Ikakhala silinda ya pansi yokha, kumbukiraninso seal ya kumunsi kwa crankshaft.

Chifukwa chimene ndikuti n'koopsa ndi ichi. Injini ya two-stroke, ngati izi tikunenazi, ilibe sampu yosungira oyilo. Mabelingi ake amadalira kankhungu ka oyilo wosakaniza mu petulo basi. Madzi akafika pamenepo n'kugona tsiku limodzi kapena awiri, dzimbiri limayamba, ndipo belingi yadzimbiri imagwira ntchito masabata ochepa kenako injini n'kunoka pakati pa nyanja. N'chimodzimodzi injini imene yagwera m'madzi: ikavuulidwa, chotsani mapulagi, kokani chingwe mpaka madzi atuluke, tsukani kabuleta, thirani oyilo m'masilinda, ndipo ilire tsiku lomwelo. Ikakhala kuti munalowa mchenga, musaizunguze n'komwe. Imeneyo ndi yomasula.

Mukachotsa hedi, musangoika gasiketi yatsopano n'kumanga. Palani zotsalira za yakale mosakanda aluminiyamu. Gonekani lula yachitsulo yowongoka pa hedi, mulowetse feeler gauge pansi pake. Pa injini zazing'ono zambiri, mpata wopyola 0.1 mm ukutanthauza kuti hedi yapindika. Ikakhala yopindika pang'ono, yalani sandipepa wa 400 wonyowetsa pa galasi lokhuthala, muziyendetsa hedi molemba nambala 8 mpaka nkhope yonse iwale mofanana. Pomanga yambirani mabawuti a pakati kupita kunja, m'magawo awiri, ndi torque wrench, pa muyeso wa m'buku la injiniyo. Mukapeza ndalama yoyamba, chida chimenechi chikhale m'gulu la zoyamba kugula. Ndiye dzifunseni funso limene ambiri amalidumpha: gasiketiyi inapsa chifukwa chiyani? Nthawi zambiri injini inatentha. Inatentha chifukwa impela inatha mapiko, kapena jumbo inamata pa sefa, kapena mizu ya namasupuni amene waphimba mbali zina za Chivero inatseka njira. Mapiko a impela akaduka, afunefuneni mpaka muwapeze onse, chifukwa amakabisala m'paipi ndi pa thermostat. Mukapanda kuchiza chimene chinatenthetsa, gasiketi yanu yatsopano ipsanso mwezi usanathe.

Malo achinayi ndi petulo, ndipo ndiwo osavuta kuyesa. Kuyambira mu 2013 petulo wa m'dziko lino amasakanizidwa ndi ethanol mwa lamulo, nthawi zina mpaka magawo 20 pa 100. Ku Malawi anayamba kalekale, mu 1982, ndi ethanol wa ku Dwangwa. Ethanol amakoka chinyezi. Petulo akakhalitsa mu thanki ya theka, kapena mvula ikalowera pa kabowo kopumira, madzi ndi ethanol zimatsikira pansi, pomwe paipi imayamwira. Popani petulo pang'ono m'botolo lagalasi, mulisiye likhazikike. Mukaona mizere iwiri, mwapeza. Khuthulani thanki, tsegulani kasikuluu ka pansi pa kabuleta, musakanize watsopano. Pa injini zambiri muyeso ndi 50 kwa 1, kutanthauza theka la lita la oyilo wa two-stroke pa malita 25 a petulo. Mahedi ambiri amasulidwa pachabe pamene vuto linali mu thanki. N'chifukwa chake botolo lagalasi liyenera kubwera sipanala isanabwere.

Ndisanakhale pansi, ndinene za udindo. Seal imene ikulowetsa madzi ikutulutsanso oyilo, ndipo oyiloyo akupita m'nyanja imene Harare ndi Chitungwiza zimamwa. Chivero yadwala kale ndi zonyansa za m'matauni athu. Mu December 2024 nsomba zinafa zambirimbiri kumeneko, zipembere zinayi zinafa zitamwa madzi ake, ndipo a ZimParks, oteteza nyama zakutchire, anaimitsa usodzi. Ife amakaniko tisawonjezere. Oyilo wakale musunge m'chigubu, asapite mu ngalande, pakuti ngalande za kuno zimakathera mu Nyatsime ndi mu Manyame.

Udindo wina ndi wa moyo wa anthu. Galimoto ikafa, woyendetsa amaikankhira pambali pa msewu n'kudikira. Boti likazima injini usiku pa nyanja ya Malawi mwera utayamba, kapena pakati pa Kariba, anthu amatsala ndi nkhafi zokha. Choncho musapereke injini musanaiyese mokwanira. Ilire mu mgolo mpaka ifunde, muone ikukodza mwamphamvu, muyang'anenso mapulagi ndi pansi pa chivundikiro. Muuzeni mwini kuti akayenda nayo maulendo angapo adzakhwefule pang'ono sikuluu ya pansi aone mtundu wa oyilo. Muonetseni chipangizo chimene mwachotsa, mumufotokozere chimene chinachipha. Ikakhala kuti buloko yadyeka ndi dzimbiri moti siingadalirikenso pamadzi, muuzeni zoona ngakhale mutaye ntchito ya tsikulo. Mbiri ya mmisiri wonena zoona imayenda padoko mofulumira kuposa chikwangwani chilichonse, ndipo asodzi amatumizirana okha.

Panja apa pali injini ziwiri ndi mgolo wa madzi. Tigawana magulu awiri. Gulu lililonse liyambe ndi kufunsa, kuyang'ana, kununkhiza ndi kuyesa, lilembe papepala malo amene likuganiza kuti madzi akulowera ndi umboni wake. Bokosi la zida nditsegula pepalalo likafika m'manja mwanga. Makolo, khalani nafe muone ntchito ya ana anu.